Njira Yodutsa kwa Mzime

"Gwirani mpando, ababa, osati miyendo yanga," anatero Chisamba, mutu uli pafupi kugunda kudenga.

A Sitampa anasiya miyendo ya mwana wawoyo n'kugwira mpando. Rauta ya m'nyumbamo inkakhala pamwamba pa kabati ya mbale, kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kogawa intaneti, ndipo chiyiikireni pamenepo panalibe amene anaipukutapo. Chisamba anaitsitsa, anaiuzira fumbi, n'kuilumikiza ku laputopu yake patebulo lodyera. Foni anaitsamiritsa ku chitini cha shuga. Pa foniyo panali nkhope ya mlongo wake, Mzime, amene anakwatiwa kutali, kutsidya kwa nyanja yamchere. Anali atavala juzi lalikulu, maso akadali otupa ndi tulo, pakuti kumeneko kunali kukungocha pomwe kuno dzuwa linali litapendeka kale.

"Alamu anu atumiza kafayilo, achimwene. Mwakaona?" anafunsa Mzime.

"Ndakaona. Koma uwauze kuti rauta yathu ikapsa, atitumizira yawo."

"Ipse bwanji? Inu basi, mantha ngati nkhuku ya mlendo."

Dzina loti a Sitampa analitenga ku positi, kumene anagwira ntchito yosankha makalata kwa zaka makumi atatu ndi zinayi. Atapuma, anzawo anawapatsa kompyuta ya muofesi imene inkati itayidwe, chimphona chotuwa chimene chinkayamba chatsokomola chisanayake. Chimphonacho ndi chimene chinabweretsa ntchito yonseyi. Mwamuna wa Mzime sankafuna kuti zithunzi za mwana wawo zizingoyendayenda pa intaneti, choncho ankazisunga m'kabokosi kena m'nyumba mwake momwemo. Wofuna kuziona ankayenera kulowa m'nyumbamo kudzera pa VPN. Pa laputopu ya Chisamba pulogalamuyo inalowa mosavuta, koma kompyuta ya a Sitampa inakana kwamtuwagalu. Ndiye mkamwiniyo anati aiike mu rauta, kuti kompyuta iliyonse ya m'nyumbamo izidutsira momwemo.

"Tandiuze bwinobwino, iwe," anatero a Sitampa akukoka mpando. "VPN imeneyi n'chinthu chanji?"

Chisamba anakanda m'mutu. Iye ntchito yake inali yokonza zikepe za m'nyumba zosanja, ndipo za makompyuta ankangozidziwa mwapatalipatali.

"Tinene kuti ndi thumba la makalata, ababa, lomanga ndi kumata bwinobwino. Chilichonse chotuluka m'nyumba muno chizilowa m'thumbamo. Panjira palibe wolitsegula mpaka likafike kwa Mzime. Kumeneko ndiye lizikamasulidwa, kalata iliyonse n'kulowera kwake. Mayankho nawo azibwerera m'thumba lomwelo."

"Ndiye kuti ndikafuna kuwerenga nkhani za kuno komwe, ndiziyamba ndakafika kwa Mzime?"

"Eya. Akunja aziona ngati tonse tikukhala kumeneko."

"Makompyuta onse?"

"Onse atatu. Yanu, yanga, ndi ya apongozi anu. Rauta iyi ndi yakale, sisankha nkhope."

Mkazi wa Chisamba anasuzumira kuchokera pakona pake. Kumeneko kunali tebulo laling'ono, laputopu ya kuntchito ndi pulinta. Masiku atatu pa mlungu ankagwirira ntchito kunyumba, kulembetsa odwala ndi kuwapatsa masiku okaonana ndi madokotala.

"Zimenezi sizindisokonezera ntchito?" anafunsa.

"Simudzadziwa n'komwe kuti zilipo," anayankha Chisamba osacheuka.

Atamaliza, anatsegula chithunzi choyamba pa kompyuta ya bambo ake. Chinabwera pang'onopang'ono kuchokera pamwamba: khoma lachikasu, kenako tsitsi la mwana, kenako masaya. Mwanayo anali pamiyendo pa munthu. Nkhope ya munthuyo sinaoneke, koma dzanja lake linaoneka, ndi kachipsera ka mafuta otentha pafupi ndi chala chachikulu. Linali dzanja la akazi awo. A Sitampa anayandikitsa mpando.

Mayi a Chisamba anapita kwa Mzime kuti akathandize miyezi itatu mwana atangobadwa. Tsopano chinali chitatha chaka ndi miyezi iwiri. Lamlungu lililonse ankaimba foni, ndipo mawu ake ankakhala omwewo.

"Kuli bwanji kumeneko, bambo a Chisamba?"

"Kuno kulibe vuto. Khalani, muthandize ana."

Ankakambirana za mano a mwana, za bondo la a Sitampa, za amene wamwalira ndi amene wakwatiwa, basi foni n'kudulidwa.

Kuyambira tsiku la rauta lija, kompyuta ya a Sitampa inasamuka. Pakona pa sikirini, pamene pankaoneka kadzuwa masiku onse, panayamba kuoneka kamtambo kokhala ndi timadontho. Otsatsa malonda anayamba kuwaonetsa majekete aubweya, nsapato zoyendera pa madzi oundana, ndi mankhwala a milomo yong'aluka ndi kuzizira. Tsiku lina anadina penapake mwangozi, ndipo munalankhula wailesi ya mzinda umenewo. Mayi wina wa mawu ofewa ankafotokoza kuti mlatho wakumpoto wadzaza magalimoto, amene akupita kuntchito adzere njira ya kumsika wa maluwa. A Sitampa sanazimitse. Anakhala manja ali pamimba, akumvetsera za mlatho umene sanauonepo.

Posakhalitsa anazolowera. Akadya chamasana, ankatseka katani kuti dzuwa lisawale pa sikirini, n'kuyatsa chimphona chawo. Nthawi imeneyo kumeneko kumakhala kukucha. Ankawerengera chammbuyo maola asanu ndi limodzi n'kuyamba kuwaona. Pano adzuka. Pano akufunafuna masilipasi ndi phazi, osayang'ana pansi, monga amachitira. Pano aika ketulo pamoto, ndipo akuidandaulira kuti imachedwa, chifukwa palibe ketulo imene mayi a Chisamba anakhalapo nayo pamtendere. Panja pa nyumba ya a Sitampa pankadutsa ogulitsa matsache ndi ana ochokera kusukulu, koma iwo ankamva mvula ikugwa pawindo lina, ndi basi ya nambala naini ikuima pakona ya msewu wa Mzime mphindi makumi awiri zilizonse. Ndandanda ya basiyo anaipeza okha ndipo anailoweza.

Zithunzi zinalipo mazanamazana. Mdzukulu wawo ankamukonda, inde, koma maso awo sankachedwa pa iye. Ankafufuza m'mbali. Apa panali theka la phewa. Apa nduwira itakolekedwa pampando. Pachithunzi china, mwana ataima pawindo, galasi linagwira chithunzithunzi cha amene ankajambulayo, ndipo anali iwo, mayi a Chisamba, atavala jekete lofiira limene amuna awo sanalionepo. A Sitampa anachikulitsa mpaka nkhope inasanduka timabokosi. Anachibwezanso pang'ono, n'kuchisiya pomwepo masana onse.

Nthawi zina intaneti inkachedwa, kachizungulire n'kumangozungulira pakati pa sikirini. Mpongozi ankasonya pakona pake. Chisamba anafotokoza kuti zimatero kwa Mzime akamaonera kanema kapena kutumiza zinthu zolemera, chifukwa khomo lake ndi limodzi. Chimvereni zimenezo, a Sitampa anayamba kukakonda kachizungulireko. Kakayamba, ankadziwa kuti kumeneko munthu ali maso, wakhala pampando, mwina mwana ali pamsana. Zinkakhala ngati akumva mapazi m'chipinda china.

Lachitatu lina anatuluka kukagula mankhwala a bondo atatenga ambulera. Kunja kunali dzuwa loswa mtengo.

"Ababa, ambulera ya chiyani?" anafunsa mpongozi.

"Akuti kugwa mvula masana ano."

Mpongoziyo anayang'ana kumwamba, kopanda ngakhale kamtambo, n'kuyang'ana apongozi akewo.

"Chabwino, ababa," anatero. "Muyende bwino."

Anakumbukira ali kale pamzere m'sitolo ya mankhwala kuti mvulayo inali ya kwina. Anabisa ambulera kumbuyo kwa mwendo.

Zinaphulika Lachinayi la mlungu wachitatu. A Sitampa anali kuchipinda akumvetsera za mlatho pamene anamva mpongozi akuyankha foni ndi mawu aulemu kwambiri, aja amene munthu amalankhula mtima uli m'mwamba.

"Ayi, bwana, ndili kunyumba. Kunyumba kwanga kuno. Sindinapite kulikonse. Ayi, mawu achinsinsi sindinapatse munthu aliyense."

Foni inaduka. Kenako mpando unakhuluzidwa, ndipo anamva madzi akutsegulidwa kukhitchini n'kumangotayika popanda chotsukidwa.

Chisamba anafika dzuwa lisanalowe, chikwama cha zipangizo chili paphewa. Sanapatsidwe ndi mpata wovula nsapato.

"Anditsekera," anatero mkazi wake. "Sindingalowenso m'makina a kuntchito. Oyang'anira chitetezo apeza kuti kwa milungu iwiri ndi theka ndakhala ndikutsegula mafayilo a odwala ndili kudziko lina. Kudziko lina! Akuti mwina ndinathawa osatsanzika, kapena ndinagulitsa mawu achinsinsi. Mawa ndikaonekere pamaso pa mabwana atatu."

"Aa, koma zimenezo n'zosavuta kufotokoza..."

"Zosavuta? Mafayilo a odwala, bambo inu! Matenda a anthu akhala akudutsa pabalaza pa mlongo wanu tsiku ndi tsiku. Ndinakufunsani ine. Munati chiyani? Simudzadziwa n'komwe. Lero ndadziwa."

Chisamba anaika chikwama pansi.

"Sindinaganize."

"Mumaganiza zikepe zokha. Walira mvula walira matope, koma mvula analira ndinu, matope akuponda ndine."

A Sitampa anali ataima pakhomo la khitchini. Onse awiri anawaona nthawi imodzi ndipo anatsitsa mawu.

"Iwe," anatero a Sitampa, "sizingatheke kuti yanga yokha izidutsa kumeneko, zinazi ziziyenda njira yakale?"

"Pa rauta iyi ayi, ababa. Ndi zonse kapena palibe. Zilipo zina zimene zimasankha, koma iyi siyitha."

"Nanga kuiika mu kompyuta yanga?"

"Paja inakana."

"Inakanadi."

Mpongozi anatseka mpopi. Mkwiyo unali utamuchoka pankhope, patatsala kutopa.

"Pepani, ababa. Ndikudziwa kuti mumasangalala nazo zithunzi zija. Azikutumizirani pa foni yanu."

"Ayi, apongozi, wopepesa ndine. Zonsezi anachitira ine. Ntchito ndiyo ikutisunga m'nyumba muno. Ichotsedwe."

Anagwirizana kuti iyambe yakhala momwemo mpaka mawa, kuti ngati mabwanawo angafune umboni, Chisamba akajambule zonse mmene zilili. Akabwerako kuntchito, adzaichotsa.

Lachisanu nyumba inatsala ndi a Sitampa okha. Mpongozi anapita ku ofesi atavala diresi lake la misonkhano, ndipo Chisamba anamuperekeza asanapite ku zikepe zake. Masana a Sitampa anatseka katani monga mwa masiku onse. Kamtambo kanali pakona pake. Mayi wa pa wailesi ananena kuti lero mlatho uli bwino, koma kuli chifunga, oyendetsa ayatse nyali. Anatsegula zithunzi n'kuyamba kuzidutsa chimodzichimodzi, ngati munthu amene akuyendera zipinda za nyumba imene akusamukamo. Atafika pa cha jekete lofiira anaima.

Kenako anatsegula tsamba loyera.

Pa moyo wawo wonse anagwira makalata osawerengeka. Ankadziwa ya chikondi poiona envelopu yokha, ankadziwa ya maliro, ankadziwa ya mwana wasukulu wopempha sopo. Koma akazi awo anali asanawalemberepo ngakhale imodzi. Akanalemba bwanji, munthu akugona naye chipinda chimodzi zaka makumi anayi? Anayamba ndi zala ziwiri, akusakasaka chilembo chilichonse.

"Mayi a Chisamba," analemba. "Ndimanama ndikamati kuno kulibe vuto. Vuto lilipo ndipo ndi ineyo. Ana akundisamala bwino, musawadandaule. Koma m'nyumba muno mulibe wonditsutsa. Ndikanena chinthu chopusa, onse amangoti chabwino ababa. Dzana ndinayenda ndi ambulera padzuwa tauni yonse, palibe anandibweza. Inu mukanandilanda pakhomo pomwe.

"Ndimagonabe kukhoma. Mbali yanu ndinayesa kugonako tsiku limodzi, tulo sitinabwere. M'mawa ndimathira madzi a makapu awiri mu ketulo, otsalawo ndimathirira kaduwa kanu ka pawindo, moti kakufuna kufa ndi madzi.

"Jekete lofiira lija likukukhalani. Zikundipweteka kuti muli ndi chovala chimene sindikuchidziwa fungo lake.

"Amati mlendo ndi mame, koma inu mwakhalitsa. Ndikudziwa kuti Mzime akukufunani ndipo mwana wakuzolowerani. N'chifukwa chake sindinena. Munthu wamkulu sangalimbirane ndi khanda. Koma ndikanakhala wopanda manyazi ndikanati bwerani."

Anawerenga kawiri. Analibe maganizo otumiza. Ankangofuna kuiona papepala, kuipinda katatu monga kalata imapindidwira, n'kuiika m'thumba la jekete lawo la ku positi limene linali m'kabati. Mawu a pa sikirini sankawakhulupirira. Kwa iwo chinthu chimene sungachigwire sichinalembedwe.

Anakayatsa pulinta ya mpongozi monga ankaonera iye akuchitira, n'kubwerera kuchipinda. Atadina posindikiza, panatuluka kabokosi kokhala ndi mayina awiri a mapulinta, onse a zilembo ndi manambala osamveka. Anasankha lapamwamba. Anatchera khutu. Pabalaza panali zii.

Anadinanso. Anapita kukasuzumira: mapepala analimo, kanyali kakuyaka, koma makinawo anali phee. Anaigogoda pang'ono pambali. Anabwerera n'kudinanso, kenako kawiri motsatizana. Anaizimitsa, anaiyatsa, n'kudinanso. Atadina kachisanu ndi chiwiri anagwa ulesi.

"Ngakhale iwe wakana," anatero, n'kupita kukadzithirira madzi akumwa.

Foni yawo inalira kapu isanafike pakamwa. Inali ya kanema, ndipo sanali Lamlungu. Atayankha, panaoneka Mzime atagwira pakamwa, maso ali ofiira, osadziwika ngati akuseka kapena akulira.

"Ababa, mwapanga chiyani?"

"Ine? Palibe. Kwagwanji? Mwana ali bwino?"

"Mwana ali bwino. Pulinta yathu, ababa. Ili m'chipinda chimene amagona amayi, muja munali mowerengera. Amapinda zovala, yangoyamba yokha kulavula mapepala. Athawa mpaka pakhonde akukuwa kuti m'nyumba mwalowa chinthu."

A Sitampa anakhala pansi pang'onopang'ono. Mpando unali patali pang'ono, moti anangokhalira m'mphepete.

"Wawerenga?"

"Ine ndangoona mzere woyamba. Iwo anditsomphola pepalalo."

Foni inagwedezeka, kunaoneka denga, kenako nyali, kenako nkhope ya mayi a Chisamba ili pafupi kwambiri, magalasi ali pamphuno. M'dzanja anali ndi mapepala, ndipo anawakupiza ngati akukupizira moto.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Bambo a Chisamba, asanu ndi awiri! Kodi ndine gonthi? Zaka zonse zija ku positi simunaphunzire kuti kalata imodzi imakwana?"

"Sindimatumiza kwa inu. Ndimafuna itulukire kuno."

"Ndiye mumalembera ndani? Alipo mayi a Chisamba ena kumeneko?"

"Ayi."

"Safunsa adadya phula. Mwamaliza inki ya mkamwini." Anatembenuka. "Iwe Mzime, tenga mwana upite kukhitchini. Utseke chitseko."

Chitseko chinamveka chikutsekedwa. Mayi a Chisamba anakhala pabedi. Kumbuyo kwawo kunkaoneka windo, loyera ndi chifunga. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali ndi m'mphepete mwa juzi.

"Kaduwa kaja musakathirenso," anatero. "Kamafuna madzi kamodzi pa mlungu."

"Ndamva."

"Lamlungu lililonse ndimakufunsani kuti kuli bwanji. Mumaganiza kuti ndimafunsa za bondo? Ndinkadikira kuti mwina lero anena. Inu, khalani, khalani, thandizani ana. Mpaka ndinayamba kuganiza kuti nkhalamba ija yapeza mtendere, palibenso woilongolozera. Ndiye ndikanabwera bwanji kumene sindikufunidwa?"

"Ndinkaopa kukulemetsani."

"Kundilemetsa! Kuno ndimakhala pawindo ili kuyang'ana mabasi. Anthu ake sapatsana moni. Ndikatuluka ndi mwana, ndimalankhula ndi abakha a padziwe. Jekete mukulinenali ndimavala chifukwa cha kuzizira, musaganize kuti ndikutchena."

"Basi yake ndi nambala naini," anatero a Sitampa. "Ifika pakatha mphindi zinayi."

Mayi a Chisamba anawayang'ana kwa kanthawi, kenako anatembenukira kuwindo. A Sitampa ankamva kupuma kwa akazi awo, ndi kulira kwa mwana patali, kuseri kwa chitseko. Patapita nthawi kunamveka kulira kwa mabuleki ndi chitseko cha basi chikutseguka.

"Yachedwa ndi mphindi imodzi," anatero a Sitampa.

"Mwapenga inu," anatero mayiwo, koma mawu anawathawa pakati. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Tamverani. Ine sindinakwatiwe ndi pulinta. Pepala silingandikweze ndege. Ngati muli ndi mawu, nenani ndi pakamwa panu, ndikuonani."

A Sitampa anayang'ana kukhomo, ngakhale ankadziwa kuti m'nyumbamo munalibe munthu.

"Bwerani kunyumba, mayi a Chisamba. Ndakusowani."

"Basi?"

"Ndakusowani kwambiri."

"Ndamva," anatero mayiwo. Anasanja mapepala aja pabondo, m'mbali mwake n'kulingana bwinobwino. Kenako anakweza mawu. "Mzime! Ndikudziwa kuti uli pachitseko. Lowa."

Mzime analowa mwana ali m'manja, nkhope ili pansi. Anavomera kuti malo osungirako ana masana anali atapezeka miyezi itatu yapitayo, pafupi ndi kuntchito kwake, koma iye sananene. Amayi sankatchula zopita, ababa sankatchula zobwera, ndiye iye anati bola akhale chete.

"Ndinkadziwa kuti n'kulakwa," anatero. "Koma ndikaweruka n'kupeza amayi m'nyumba, ndimakhala ngati ndili kwathu. Pepani, ababa."

"Banja la osalankhula," anatero mayi ake. "Onse kutengera bambo awo. Mwanayu ayambe kupita kumeneko ndikadali konkuno, azolowere pang'onopang'ono. Milungu isanu ndi umodzi. Ikatha imeneyo, undigulire tikiti." Anayandikitsanso nkhope pa foni n'kutsinzinira diso limodzi. "Nanga kumutuko n'chiyani? Mukuweta mbalame? Ndisadzakupezeni choncho."

Chisamba ndi mkazi wake anafika limodzi chakumadzulo, dzuwa likadalipo. Mpongozi anavula nsapato pakhomo n'kudziponya pampando. Mabwana anamvetsa ataona zimene Chisamba anajambula, koma anamupatsa kalata ya chenjezo, ndipo kwa miyezi itatu azikagwirira ntchito ku ofesi masiku onse. Makina adzamutsegulira Lolemba, akadzatsimikiza kuti kunyumbako zakonzedwa.

"Miyezi itatu yodzuka m'mamawa kukalimbirana basi," anatero. "Koma ntchito ilipo."

"Mwavutika chifukwa cha ine, apongozi," anatero a Sitampa.

"Chifukwa cha uyu," anayankha akuloza mwamuna wake ndi chala cha kuphazi.

Chisamba anakwera pampando n'kutsitsa rauta. Ataigwira m'manja anazengereza.

"Ababa, poti akutsegulira Lolemba, tikhoza kuisiya mpaka Lamlungu madzulo. Muoneko zithunzi masiku awiriwa."

"Chotsa lero."

"Mukutsimikiza?"

"Chotsa. Amayi ako akubwera."

Chisamba anatsala pang'ono kugwetsa rauta. Mpongozi anadzuka pampando.

"Liti? Zachitika bwanji? Anena okha?"

"Ndinawalembera kalata."

"Kalata? Yafika liti?"

"Lero lomwe."

"Munalembamo chiyani, ababa?" anafunsa mpongozi, kumwetulira kukuyamba.

"Wa ku positi saulula za m'kalata, apongozi. Tinalumbira."

Chisamba anadina apa ndi apo, rauta inazima n'kuyakanso, ndipo ntchito inathera pomwepo. Sizinatenge ngakhale mphindi zisanu.

Loweruka m'mawa a Sitampa anali oyamba kufika kometera tsitsi. Wometa anali akusesabe, ndipo anadabwa kuwaona, pakuti panali patatha miyezi asanapondeko. Anawakhazika pampando, anawakulunga nsalu m'khosi, n'kuima kumbuyo kwawo akuyang'ana tsitsilo ngati mlimi woyang'ana munda umene wagonera zaka ziwiri.

"Kuli ukwati kodi, bambo?"

"Kukubwera munthu."

"Lero?"

"Pakatha milungu isanu ndi umodzi."

Wometayo anaseka mpaka anatsamira pagalasi.

"Ndiyetu mwafulumira. Pofika tsikulo likhala litameranso."

"Ndidzabweranso," anatero a Sitampa, akuweramitsa mutu. "Metani."